Ndangotha masabata asanu ku yunivesite, koma ndikufuna kubwerera kwathu

Zikomo amayi. Ndine mtsikana wa zaka 19 wa ku Ntchisi. Ndinaphunzira pa CDSS ndipo ndine woyamba kwathu kusankhidwa kupita ku yunivesite. Panopa ndili ku UNIMA ku Zomba. Malo pa hositelo sindinapeze, ndikuchita lendi ku Chikanda ndi atsikana ena awiri. M'kalasi aphunzitsi amathamanga, Chingerezi china chimandidutsa, pomwe anzanga ochokera ku sukulu zotchuka amayankha ngati anaziphunzira kale. Asayimenti yoyamba ndinapeza malikisi ochepa kwambiri, chonsecho ku sekondale ndinkakhala nambala wani. Ndalama zimene anandipatsa kwathu zatsala pang'ono kutha ndipo za loni ndikudikirabe. Usiku ndimalira. Akandiimbira kwathu ndimangoti zonse zili bwino, poti mudzi wonse unandiperekeza. Kodi anandisankha molakwitsa? Ndingosiya?
Wosowa mtendere, Zomba

Mwanangu, usasiye, ndipo sanakusankhe molakwitsa. Ndayamba ndi zimenezi kuti mtima uyambe wakhala pansi, kenako tikambirane bwinobwino.

Dzina lako silinatuluke mwangozi pa mndandanda wa NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro a ukachenjede. Mayeso a MSCE amene unalemba ku Ntchisi ndi omwewo amene analemba anzakowo, ndipo a MANEB sachonga poyang'ana kuti pepala lachokera ku sukulu ya mpanda wanjerwa kapena ya pansi pa mtengo. Kusiyana n'kwakuti iwe unawakhoza mukulimbirana buku limodzi anthu ambirimbiri, mwinanso ukuwerengera tochi. Mwana wotere sindimukayikira nzeru. Chimene chandidetsa nkhawa m'kalata yako ndi china: paliponse uli chete. M'kalasi chete, kwa aphunzitsi chete, kwanu ukunena kuti zili bwino. Pa zaka zonse zimene ndakhala ndikulangiza ophunzira, amene ndawaona akugwa m'chaka choyamba ambiri sanagwe chifukwa chochepa nzeru. Anagwa chifukwa anauza munthu vuto lawo mochedwa, zotsatira zitatuluka kale.

Udziwenso kuti nthawi imene walembera kalatayi ndi yomweyo imene ofesi yanga imadzaza. Masabata awiri oyamba mayaro, ophunzira a chaka choyamba, amakhala pa chisangalalo, kujambulitsa, kuzungulira, kudziwa kumene kuli laibulale ndi kumene kuli tchipisi. Pofika sabata lachisanu kapena lachisanu ndi chimodzi, malikisi oyamba abwera, ndalama zaphwa, ndipo nsima ya amayi yayamba kusoweka. Anzako amene akuyankha molimba mtima m'kalasiwo, ena mwa iwo amadzakhala pa mpando womwewo n'kumalira zawo. Kulankhula Chingerezi mothamanga ndi luso lina, kumvetsa phunziro ndi lina, ndipo ukamadzaona zotsatira za semesita udzadabwa amene ali pamwamba.

Tiyambe ndi asayimenti ija, poti ndiyo yakuswa mtima. Ku sekondale kunali belu, kunali mphunzitsi wolemba notsi pa bolodi, ndipo ukajomba wina ankakufunsa. Kumeneko munthu ankakhoza akabweza zimene anapatsidwa osataya liwu. Kuno mphunzitsi akhoza kukhala ndi ophunzira mazana angapo m'kalasi ya chaka choyamba, sakudziwa dzina lako, ndipo sadzakufunafuna. Chimene akufuna pa pepala ndi kuona ngati wayankha funso lenilenilo, ngati wawerenga kupitirira notsi zake, ngati watchula kumene watenga mfundo zako, komanso ngati uli ndi ganizo lakolako limene ungaliikire umboni. Ana ambiri anzeru amalemba zonse zimene akudziwa pa mutuwo, masamba asanu odzaza, koma funso osaliyankha. Ndikukhulupirira kuti vuto lako lili chapomwepo, ndipo limeneli limatha msanga munthu akaonetsedwa kamodzi kapena kawiri. Komanso iwala za malikisi a m'ma 90 amene unazolowera. Ku yunivesite, makamaka pa maphunziro olemba nkhani zazitali, wopeza m'ma 60 wagwira ntchito yooneka.

Tenga pepala lakolo upite nalo kwa amene anachongayo. Aphunzitsi amakhala ndi maola oonana ndi ophunzira, ndipo nthawi zambiri amawalemba pa chitseko kapena pa pepala la ndondomeko ya kosi limene anakupatsani tsiku loyamba. Usapite kukadandaula za malikisi. Ukanene kuti, "Ndabwera kuti mundionetse pamene ndinaphonya, kuti ulendo wina ndikonze." Aphunzitsi ambiri amene ndagwira nawo ntchito amakondwa ndi funso lotere, chifukwa ophunzira amene amabwera amakhala ochepa, ndipo ochepawo amabwera mayeso atatsala masiku awiri. Ngati ukuchita mantha, tengana ndi mnzako. Safunsa anadya phula, ndipo kuno phulalo limadyedwa mwakachetechete mpaka tsiku la zotsatira.

Pepala la ndondomeko ya kosi lija usalitaye. Limanena mitu ya sabata lililonse, mabuku oyenera kuwerenga, komanso kuti ndi malikisi angati amene amachokera ku maasayimenti ndi mayeso apakati, ndi angati amene amachokera ku mayeso omaliza. Gawo la ntchito za m'kati mwa semesita ndi lalikulu ndithu, moti munthu amene wazitayirira amalowa m'mayeso omaliza ali ndi ngongole kale. Kwa iwe nkhani yabwino ndi yakuti asayimenti imodzi sinamalize kanthu. Zatsala zambiri.

Za Chingerezi, khutu limazolowera, koma lithandize. Usiku woti mawa kuli kalasi, werengako mutu umene ukubwerawo, ngakhale masamba atatu okha, ulembe mawu achilendo ndi kuwafufuza matanthauzo. Mawu amene wawaona kale ndi maso sakudutsa ukawamva. Khala kutsogolo. Usalimbane ndi kulemba liwu lililonse, lemba mitu ya mfundo ndi zitsanzo, n'kudzazamo zotsala tsiku lomwelo zisanazizire. Upeze anzako atatu kapena anayi, osapitirira pamenepo, oti muzikumana kawiri pa sabata. Muzifotokozerana m'Chichewa momasuka mpaka aliyense amve, kenako aliyense akalembe payekha m'Chingerezi. Palibe manyazi pamenepo. Mfundo imene sungathe kuifotokoza m'chilankhulo chako ndiye kuti sunaimvetse. Ndipo kosi ya chilankhulo ndi kalembedwe imene amaphunzitsa m'chaka choyamba, imene ena amaijomba poyesa ndi yachibwana, kwa iwe ndiyo khasu.

Ndikuchenjeze pa chimodzi. Ukapanikizika padzabwera wina wokuuza kuti ungokopera ya conti (wophunzira wa chaka chapamwamba) wa chaka chatha, kapena ungouza ChatGPT ikulembere. Kubera kotere kukagwidwa chilango chake chimaposa kulephera, ndipo ngakhale kusagwidwe, m'chipinda cha mayeso udzalowa wekha ndi cholembera. Bola malikisi ochepa a ntchito yako, chifukwa amenewo amakwera.

Upezenso buku la malamulo a ophunzira, uwerenge gawo la mayeso. Mawu amene ukumva anzako akuopsezana nawo, sapu (mayeso olembanso ukalephera kosi), kubwereza, kuwididwa (kuchotsedwa sukulu chifukwa cholephera), onsewo ali ndi malamulo ake olembedwa, ndipo ndi bwino kuwamva kuchokera m'bukumo kusiyana ndi kwa conti amene akungofuna kukuopseza. Sapu si imfa, ambiri amene akugwira ntchito zapamwamba lero anailembapo. Chachikulu chimene ndikufuna ugwire ndi ichi: ukadwala, kukagwa maliro, kapena ndalama zikavutiratu, dziwitsa sukulu polemba kalata nthawi yomweyo, mayeso asanafike, ndipo usunge kope yake. Pali njira yopumira kaye maphunziro mwadongosolo malo ako n'kusungika. Ndinathandizapo mnyamata wina amene bambo ake atamwalira anangonyamula chikwama n'kupita kumudzi osauza aliyense. Atabwera patatha miyezi anapeza akuwerengedwa ngati wolephera, ndipo tinavutika kwambiri kuti nkhani yake imveke. Kalata ya tsamba limodzi ikanamupulumutsa ku zonsezo.

Tsopano ndalama, ndipo apa ndichedwapo chifukwa ndi pamene atsikana ambiri amapunthwira.

Loni imachokera ku bungwe la HESLGB, limene linakhazikitsidwa mu 2015, ndipo ndi ngongole yodzabweza ukamaliza, si mphatso. Usangokhala n'kumadikira mphekesera za pa WhatsApp. Pita ku ofesi ya Dean of Students, mkulu woona za umoyo wa ophunzira, ukafunse ngati dzina lako lilipo, ngati mapepala ako ali okwanira, komanso chimene ungachite ngati sunapatsidwe. Ukanene mosabisa kuti chakudya chatsala cha masiku angati. Maofesi amenewa ndi amene amadziwa za mabungwe, makampani ndi anthu akufuna kwabwino amene nthawi zina amathandiza ophunzira osowa, ndipo thandizo likabwera amayamba kukumbukira nkhope zimene anaziona. Ngati ku sekondale unkathandizidwa ndi bungwe monga CAMFED kapena mpingo wako, alembere uwauze kuti wafika pati. Kupempha thandizo la sukulu si kupemphetsa.

Kandalama kalikonse kakafika, lendi iyambe yachoka. Kotsalako ukagawe m'masabata, ulembe m'kabuku, ndipo ya sabata lamawa usaikhudze. Kutapa pang'onopang'ono ku Mpamba kapena ku Airtel Money kumadya ndalama m'malipiro, choncho tapa kamodzi pa sabata. Chakudya chogula chophikaphika ndicho chimamaliza ophunzira. Muli atatu m'nyumbamo, sonkhani muziphika limodzi, ndiwo mukagule ku msika wa Mpondabwino kapena mu msika waukulu m'malo mogula timilu tapakhomo tsiku ndi tsiku. Kwanu ku Ntchisi ndalama ikhoza kusowa, koma ufa, nyemba, soya ndi mtedza sizisowa kwenikweni. Thumba la ufa ndi ndowa ya nyemba zotumizidwa pa basi zimakufikitsa kutali kuposa ndalama imene akanavutika kuipeza. Koma sangatumize ngati ukuwauza kuti zonse zili bwino. Zotsitsa mabuku ndi notsi uzichitira pa intaneti ya pasukulu, bandulo yako ikhale ya zofunika.

Katapila usamuyandikire, ngakhale wobwereketsayo akhale wophunzira mnzako womwetulira. Kubetcha mpira nakonso ndakuona kukumeza fizi ya ana a anthu, anyamata makamaka, koma atsikana ayambanso.

Ndiye pali amuna. Mtsikana wa chaka choyamba amene ndalama zamuthera amaonekera patali, ndipo alipo amene amadikira nyengo imeneyi ngati alenje: maconti ena, abambo a magalimoto a m'tauni, nthawi zinanso munthu amene ali ndi mphamvu pa malikisi ako. Amayamba ndi zazing'ono, chakudya chamasana, mayunitsi, kukutengako pa galimoto mvula ikamagwa. Sindikuti mwamuna aliyense wokuchitira chifundo ndi fisi, ndipo sindikuletsa kukonda, wakula. Ndikuti mphatso imene sungaiuze mesho wako (mnzako wokhala naye nyumba imodzi) kapena amayi ako ili ndi mtengo wake, ndipo mtengowo umadzatchulidwa iwe utazolowera kale. Chikomekome cha mkuyu. Ngati wina, kaya ndi mphunzitsi kaya wogwira ntchito pasukulu, akukakamiza zachiwerewere posinthana ndi malikisi kapena thandizo, dziwa kuti lamulo la Gender Equality Act la 2013 limaletsa zimenezo. Usafufute mauthenga ake, uuze munthu wamkulu amene umamukhulupirira, ndipo ukadandaule ku ofesi ya Dean. Ndipo zikachitika kuti wagonana ndi munthu mosadziteteza, kapena wagwiriridwa, thamangira ku chipatala tsiku lomwelo. Mankhwala a PEP oteteza ku HIV amayenera kuyambidwa pasanathe maola 72, ndipo mapiritsi oletsa mimba apangozi nawonso amagwira bwino akamwedwa msanga. Manyazi a tsiku limodzi pamaso pa namwino ndi opepuka. Ndikunena izi poyera chifukwa kwanu mwina sanakuuze, ndipo ndikanakonda mwana wanga atauzidwa.

Za kukhala ku Chikanda, usadzione ngati wotsalira. Sukulu yakoyo inatsegulidwa mu 1965, n'kusamukira ku Chirunga ku Zomba mu 1973, nthawi imene ophunzira anali ochepa kwambiri poyerekeza ndi lero. Chiwerengero chakula kuposa mabedi, ndipo zili chimodzimodzi ku MUBAS, ku Mzuni ndi ku Bunda, kumene ophunzira ambiri amakhalanso kunja kwa mpanda. Chofunika ndi kudzisamala. Pochoka ku laibulale usiku muziyenda gulu, foni ndi laputopu zili m'chikwama. Chitseko chikhale ndi loko wodalirika. Gona m'neti, ndipo thupi likatentha ukayezetse malungo m'malo mongomwa panado. Mu June ndi July Zomba imazizira ndi mphepo yotsika m'phiri, ndipo ophunzira ena amalowetsa mbaula ya makala m'chipinda n'kutseka mawindo. Usadzayerekeze. Utsi wa makala suoneka, sununkha, umangogonetsa munthu osadzukanso. Ndi anzako a m'nyumbawo, khalani pansi sabata lomwe lino mugwirizane za magetsi, madzi, kutsuka mbale, alendo ndi nthawi yozimitsa nyali. Mikangano yambiri ya mamesho imayambira pa sopo ndi mchere.

Kusungulumwa kumene ukumvako kuli ndi mankhwala amodzi okha, anthu, ndipo sabwera okha kudzagogoda. Sankha gulu limodzi limene likufanana ndi moyo umene unali nawo kwanu. Ngati unkaimba kwaya, kwaya ilipo. Pali magulu a ophunzira achikhristu monga SCOM ndi CCAPSO, pali magulu a Akatolika, a Adventist ndi a Asilamu, pali netiboli ndi zisudzo. Ndati limodzi, chifukwa ndaonanso ana abwinobwino akulephera kaamba ka misonkhano ya mapemphero ya tsiku lililonse mpaka pakati pa usiku. Mulungu amene anakufikitsa kumeneko sakondwa ndi asayimenti yosalembedwa. Loweruka lina tenganani ndi anzako mukwere phiri mukaone damu la Mulunguzi, kapena mungokhala pansi pa mitengo ku Botanical Gardens. Munthu amayamba kukonda malo akawayenda ndi mapazi. Ndipo ukaona mtsikana wina amene amakhala yekha kumbuyo kwa kalasi, mupatse moni ndiwe. N'kutheka kuti nayenso amalira usiku.

Kwanu, sankha munthu mmodzi woti umuuze zoona, kaya amayi, kaya azakhali, kaya mphunzitsi wako wakale wa pa CDSS. Sikuti mudzi wonse udziwe. Ndikumvetsa katundu amene wasenza. Anthu anavina, ena anapereka nkhuku, ena ka 500 kwacha kawo, ndipo ukuona ngati ukanena kuti zikuvuta wawagwiritsa mwala. Koma anthu amene anakuperekezawo amadziwa kuti munda watsopano umavuta chaka choyamba, ndipo sanatume mngelo, anatuma mwana wawo. Chimene chingawapweteke ndi kumva mochedwa kuti unkagona ndi njala iwo ali ndi chimanga m'nkhokwe. Mbali inanso, usalole kuti ndalama ya loni isanduke ya feteleza kapena ya fizi ya ang'ono ako. Pempho limeneli lidzabwera, ndipo kukana kudzawawa. Uwafotokozere mwaulemu kuti ndalamayo ndi yowerengeka, ndi ngongole ya dzina lako, ndipo ukaigawa ndiwe amene ubwerere kumudzi wopanda digiri.

Kulira usiku m'masabata oyamba ndi chinthu chimene ndimachiyembekezera, ndipo nthawi zambiri kumachepa munthu akapeza anzake ndi kuona malikisi akukwera. Koma pali malire amene sindifuna uwadutse uli wekha. Ngati kwa masabata awiri kapena kuposerapo ukukhala wokhumudwa pafupifupi tsiku lonse, tulo sitikubwera kapena ukungogona osafuna kudzuka, chakudya sichikulowa, zimene unkakonda sizikukusangalatsanso, wayamba kujomba makalasi chifukwa choopa anthu, kapena mtima ukumathamanga mpaka kubanika, pita ku kiliniki ya pasukulu kapena kwa mlangizi wa ophunzira ukanene momwe wandiuzira inemu. Amenewo akhoza kukhala matenda a nkhawa kapena okhumudwa, ndipo amachizika ngati matenda ena onse. Si kufooka kwa chikhulupiriro ndipo si kulodzedwa. Zomba ili ndi mwayi pa nkhani imeneyi: pali Zomba Central Hospital, pali Zomba Mental Hospital imene anthu amaiopa dzina chabe koma ili ndi akatswiri othandiza ngakhale munthu wongobwera kudzalankhula n'kubwerera, komanso bungwe la YONECO lothandiza achinyamata likulu lake lili mumzinda womwewo. Ndipo ngati ganizo lodzipha kapena lodzivulaza litakufikira ngakhale kamodzi, usadikire kuti kuche. Dzutsa mesho wako, umuuze, akuperekeze ku chipatala usiku womwewo.

Pa funso lako lomaliza, lakuti ungosiya, ndikupempha chinthu chimodzi: chisankho chimenecho usachipange semesita ino isanathe, ndipo usachipange usiku. Ngati pambuyo pake udzaone kuti vuto ndi kosi imene anakupatsa osati sukulu, kafunse kwa mkulu wa dipatimenti kapena ku ofesi ya Registrar ngati kusintha n'kotheka ndiponso nthawi yake, chifukwa zimenezi zili ndi masiku ake ndipo malo amakhala ochepa.

Lolemba likubwerali, m'mawa upite ndi pepala lija kwa aphunzitsi, masana ukaonekere ku ofesi ya Dean, madzulo uimbire amayi uwauze za ufa. Ukatero undilemberenso, undiuze zimene aphunzitsiwo ananena pa asayimenti ija, kuti tidzaone limodzi pokonza yachiwiri.